Land Cruiser ya 1978: kodi ndichotse kabuleta n'kuikapo injection?

Funso

Ndili ndi Land Cruiser FJ45 ya 1978 imene anandisiyira malemu amalume. Injini yake ndi ya petulo, 2F, ndipo sinasinthidwepo. Ndimakhala ku Lilongwe koma ndimapita nayo ku Nchalo kawirikawiri, nthawi zina kumpoto mpaka ku Nyika. M'mawa nyengo yozizira imavuta kulira, ikatentha n'kuizimitsa imavutanso, kumapiri imatulutsa utsi wakuda, ndipo lita imodzi ikungondiyendetsa makilomita 4. Alamu anga a ku Joni akuti ndichotse kabuleta ndiikepo injection ya kompyuta, mavuto onse atha. Kodi akunena zoona? Nanga ntchitoyi imafuna chiyani?

Yankho

Bambo, alamu anu sakunama, koma akuuzani mbali yokoma yokha. Pa madandaulo anayi amene mwatchulawa, atatu injection imawathetsadi: kuvuta kulira m'mawa, kukana kulira injini ikatentha, ndi utsi wakuda wa kumapiri. La kumwa mafuta ingochepetsako pang'ono, osati mmene mukuyembekezera. Ndipo zonsezi zimatheka pokhapokha injini yeniyeniyo ili bwino. Kompyuta singabwezeretse maring'i otha, singatseke vavu yopsa. Chinanso chimene ogulitsa zidazi sanena mokweza n'chakuti chitsulo chokhala pamalo pa kabuleta ndiye gawo lochepetsetsa la ntchito yonse. Kuchimanga n'kwa tsiku limodzi. Masiku ena onsewo mudzathera pa thanki, pa mapaipi a mafuta ndi pa mawaya.

Utsi wakuda uja ndi umene ukuonetsa bwino pamene kabuleta imalekezera. Kuti petulo apse yense, amafuna mpweya wolemera kuwirikiza ka 14.7 kulemera kwake. Kabuleta sidziwa kulemera kwa mpweya. Imangomva liwiro la mpweya wodutsa pakhosi pake, ndipo mpweyawo ndiwo umakoka mafuta kudzera pa timabowo ta majeti, timene kukula kwake sikusintha. Tsono inu mumayenda malo osiyana kwambiri. Nchalo ili m'chigwa cha Shire, mamita osafika 100 kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, ndipo pamwamba pa Nyika mwadutsa 2,000. Presha ya mpweya imene ku Nchalo ili pafupi ndi 100 kPa, ku Lilongwe imatsikira pa 89 kapena 90, ku Chelinda pa Nyika n'kufika cha pa 77. Mpweya ukapepuka chonchi, majeti amene anali oyenera kuchigwa amakhala akupereka mafuta opitirira muyezo, ndipo otsalawo ndi amene mukuwaona akutuluka ku ekizozi. Mukachepetsa majeti kuti igwirizane ndi Nyika, mukatsikira ku Nchalo injini idzasowa mafuta n'kuyamba kutentha. Palibe jeti imodzi imene ingakondweretse malo onse atatuwa.

Injection imasunga mafuta pa presha yosasintha pogwiritsa ntchito pampu yamagetsi, ndipo mainjekita, omwe ndi timavavu tamagetsi, amatseguka kwa kanthawi kochepetsetsa. Kompyuta ndiyo imasankha kutalika kwa kanthawiko. Imayang'ana presha ya mpweya m'manifodi (paipi yogawira mpweya ku masilinda), kutentha kwa madzi a injini, kutentha kwa mpweya, mmene mwapondera moto ndi liwiro limene injini ikuzungulira. Kenako sensa ya oxygen yomangidwa pa ekizozi imaiuza ngati mafuta anachuluka kapena anachepa, iyo n'kukonza nthawi yomweyo. Kabuleta ili ngati wophika amene amathira supuni imodzimodzi ya mchere tsiku lililonse osalawa ndiwo, pamene injection imalawa kaye. Si zachilendo izi. Bosch inaika injection yamagetsi ya D-Jetronic pa Volkswagen 1600 mu 1967, Volvo n'kuyamba kugwiritsa ntchito sensa ya oxygen mu 1976, ndipo Toyota yeniyeniyo inaika injection pa mng'ono wa injini yanuyi, 3F-E, mu 1988. Dziwani chabe kuti mphamvu imene injini imataya pokwera, pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse, siibwerera ngakhale mutaika kompyuta. Mpweya ukachepa wachepa basi.

Palinso nkhani ya petulo wathu. Galimoto yanu inapangidwa dziko lino lisanayambe kusakaniza ethanol, zomwe zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako PressCane ku Chikwawa n'kuwonjezera mu 2004. Mlingo wake umaloledwa kufika 20 peresenti, koma umene uli pa pampu umasinthasintha malinga ndi kupezeka kwa ethanol. Petulo wa 10 peresenti amafuna mpweya wa 14.1, wa 20 peresenti cha pa 13.5. Kabuleta sidziwa kuti thanki ya lero ndi yosiyana ndi ya sabata yatha, koma sensa imadziwa. Petulo wosakanizayu amauluka msanga akatenthedwa, ndipo pa 2F manifodi ya ekizozi ili mbali imodzi ndi ya mpweya, yomangidwa pansi penipeni pa kabuleta. Mukazimitsa injini masana a Okutobala ku Nchalo, kutentha konse kumakwera, petulo wa m'kambale ka kabuleta n'kuwira, wina kusefukira m'manifodi, wina kuuluka. N'chifukwa chake imakana kulira pakatha mphindi 15 koma imalira bwinobwino pakatha maola awiri. Mafuta amene ali pa presha ya 3 kapena 4 bar sawira chisawawa. Zaka za m'mbuyomo sindikanakulangizani zimenezi n'komwe, chifukwa petulo wa mtovu amapha sensa ya oxygen, koma ameneyu anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa kuyambira 2006.

Musanatulutse ndalama iliyonse, injini iyezedwe. Yambani ndi compression, presha imene pisitoni imapanikiza nayo mpweya m'silinda: masilinda onse 6 asasiyane kupitirira 10 peresenti. Kenako ikani geji ya vacuum, yoyeza mphamvu imene injini ikukokera mpweya, pa manifodi injini ikulira itaima. Singano iyenera kukhazikika malo amodzi. Pa nyanja yamchere injini yabwino imaonetsa mainchesi 17 mpaka 21, ndipo mumachotsapo inchi imodzi pa mamita 300 aliwonse, ndiye ku Lilongwe 14 mpaka 17 musadandaule nazo. Singano ikamanjenjemera, pali vavu imene sikutseka kapena mpweya ukulowera pena pake. Zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa kompyuta imawerengera mafuta kuchokera pa vacuum yomweyi, ndiye ikamanjenjemera nayonso idzanjenjemera. Mavavu a 2F amatcheredwa injini ili yotentha, 0.20 mm olowetsa ndi 0.35 mm otulutsa, ndipo timing yake, nthawi imene pulagi imayatsa moto, ndi madigiri 7 pisitoni isanafike pamwamba. Yang'anitsitsani distibyuta. Ine ndimati mavuto ambiri amene anthu amanamizira kabuleta amachokera kumeneku: shafiti yogwedera, tizitsulo ta advance (tosuntha timing) togwirana ndi dzimbiri, kachikopa ka vacuum kong'ambika. Distibyuta imene sikusuntha timing injini ikamathamanga imamwetsa mafuta kuposa jeti iliyonse. Manifodi a 2F nawonso amadziwika kuti amapindika ndi kung'aluka chifukwa cha kutalika kwake, ndiye aonedwe ali pansi, osati pongowaunika ndi tochi.

Makilomita 4 pa lita ndi ochepa ngakhale kwa 2F, choncho pali china chake chimene chalakwika lero lino. Kabuleta ya Aisan imene Toyota inaikapo ndi yabwino ndithu. Ili ndi kagalasi kutsogolo koonetsa pamene petulo walekeza, ndipo ayenera kukhala pakati pa kagalasiko. Akakwera kupitirira apo, float (kanthu koyandama kotseka mafuta akadzaza) kapena singano yake yatha. Power valve, kavavu kowonjezera mafuta mukaponda kwambiri, ikakakamira yotseguka, kapena tchoki ikapanda kutsegukiratu, zotsatira zake n'zomwezo. Onaninso ngati mabuleki sakugwira okha ndiponso ngati ma hub akutsogolo sakhala okiyidwa pa tala. Ngati imene ilipo si Aisan yeniyeni koma zotsanzira zotchipa zija, ndiye kuti mwina simunamvepo mmene galimotoyi imayendera ikakhala ndi kabuleta yake. Langizo langa n'lakuti chinthu choyamba kugula chikhale geji ya wideband yoonetsa muyezo wa mpweya ndi mafuta. Kabowo kake pa ekizozi mudzakafunabe mukadzaika injection, ndiye palibe chotayika. Yendani nayo sabata zingapo kabuleta ilipo, mudzaona ndi maso pamene mafuta akutayikira.

Funso limodzi mufunse amakanika anu: kodi thermostat, kavavu kotsekera madzi kuti asapite ku redieta mpaka injini itatentha, ilimo? Kuno ambiri amaichotsa poganiza kuti akuthandiza injini kuzizira. Pa kabuleta zimangomwetsa mafuta ndi kudya masilinda pang'onopang'ono, koma pa injection zimaononga ntchito yonse. Kompyuta ikaona madzi ozizira imawonjezera mafuta ngati mmene tchoki imachitira, ndipo zida za injection monga za kampani ya Holley siziyamba kudzikonza zokha mpaka madzi atadutsa madigiri 71. Injini yopanda thermostat yotsika Dedza m'mawa wa Julayi singafikepo. Bwezeranimo ya madigiri 82, ndipo ngati ikutentha, vuto lili ku redieta kapena ku fani.

Tsopano za mtundu wa injection. Njira yosavuta ndi ya throttle body, chitsulo chooneka ngati kabuleta chimene chimakhala pa manifodi yomweyo, mainjekita ali momwemo. Zodziwika kwambiri ndi Holley Sniper ndi FiTech za ku America, zimene kompyuta yake ili m'kati mwa chitsulocho ndipo zimadzikonza zokha potsatira sensa. Pa 2F ambiri amaika Sniper ya makhosi awiri pogwiritsa ntchito adapita. Ili ndi mainjekita awiri ndipo inapangidwira injini zofika mahatchi 350, pamene yanuyi ya malita 4.2 imapereka pafupifupi 135. Kukulaku kuli ndi vuto lake. Pa Aisan khosi loyamba limatseguka lokha, lachiwiri n'kutsatira mukaponda kwambiri, koma pa iyi onse awiri amatseguka pamodzi. Mukangokhudza pang'ono galimoto imalumpha, ndipo pamsewu wa mabampu phazi likamadumphadumpha zimatopetsa. Zimakonzeka potalikitsa kamkono kokoka throttle, koma muzidziwiretu.

Ena amatenga throttle body ya GM yochokera pa injini ya V6 ya malita 4.3, imene kukula kwake kukufanana ndi 2F ndipo imagwira ntchito pa presha yosafika 1 bar. Ndi yolimba, koma zida zake kuno n'zosowa. Ena amamanga mutu wa 3F-E ndi manifodi ake pa injini ya 2F, ndipo imeneyi ndiyo yooneka ngati yochokera kufakitale, kungoti kupeza mutuwo ndi mawaya ake onse ndi ntchito yakeyake. Alamu anu mwina akunena za makompyuta a ku South Africa monga Dicktator, Spitronics ndi Gotech, kapena za MegaSquirt ndi Speeduino zimene anthu amalumikiza okha. Zimenezi n'zotsikirako mtengo ndipo zimagwiritsa ntchito masensa ndi mainjekita wamba, otheka kuwapeza pa magalimoto ophwasulidwa. Ubwino wake ndi waukulu: sensa ikafa mukaipeza kwa ogulitsa zida zakale. Koma kawirikawiri zimafuna munthu wodziwa kuzitchera ndi laputopu, makamaka pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini), ndipo galimoto yanu ili ku Lilongwe, katswiriyo ali ku Johannesburg. Ine ndimasankha motere: ngati muli ndi munthu pafupi amene anatcherapo kompyuta yoteroyo n'kukuonetsani galimoto imene ikuyenda, tengani imeneyo. Ngati mulibe, tengani yodzikonza yokha. Kuboola manifodi kuti silinda iliyonse ikhale ndi injekita yake n'kwabwino pa injini yothamanga, koma pa 2F imene moyo wake wonse imakhala pansi pa 3,000 rpm phindu lake silikufanana ndi ntchito yake.

Mafuta ndiye pamene pagona nkhani. Pampu yakale imene imayendetsedwa ndi injini imapereka presha ya 0.2 kapena 0.3 bar. Injection yambiri imafuna 3 bar, ya Holley pafupifupi 4. Ndiye kuti paipi iliyonse ya labala imene ilipo panopa njosayenera. Gulani yolembedwa SAE J30R9, imene imapirira presha ndi ethanol yemwe. Ya J30R7 ndi ya kabuleta, ndipo ya m'kati mwa thanki ikhale J30R10, chifukwa zinazo zimafufuma zikamizidwa mu petulo. Zomangira zikhale za injection zozungulira bwino, osati zija za timano zimene zimadula labala. Paipi ya kabuleta ikadontha mumamva fungo n'kuima. Ya 4 bar ikabooka imapopera petulo ngati nkhungu pa manifodi yotentha. Chozimitsira moto chikhale m'galimoto kuyambira tsiku loyamba kuliza.

Za kukula kwa pampu, tiyeni tiwerengere. Injini ya mahatchi 135 itapondedwa mpaka pansi imamwa malita pafupifupi 40 pa ola. Mapampu ambiri amene amagulitsidwa ndi zidazi ndi a malita 255 pa ola. Otsalawo amangozungulira, kupita ku injini yotentha n'kubwerera ku thanki, ndipo pa ulendo wautali thanki yonse imafunda. Pampu ya malita 100 mpaka 150 pa ola ikukwanirani, imadya magetsi ochepa ndiponso siilira kwambiri. Mapampu amenewa amakankha bwino koma kukoka n'kofooka, choncho yapanja iyenera kukhala pafupi ndi thanki ndiponso m'munsi mwake. Ikamakoka kuchokera patali imatentha n'kufa msanga.

Vuto lina n'lakuti kabuleta ili ndi kambale kake kosungira mafuta, ndiye thanki ikapendekeka paipi n'kukoka mpweya kwa kamphindi, injini siidziwa n'komwe. Injection ilibe kambale. Pampu ikakoka mpweya presha imagwa nthawi yomweyo, injini n'kuzima, mwina muli pakati pa chitunda. Njira zake ndi ziwiri: kuika pampu m'kati mwa thanki m'kachitini kosunga mafuta, kapena kumanga kathanki kakang'ono ka lita imodzi kapena awiri, surge tank, kamene pampu yakale ija imakadzaza, pampu yamagetsi n'kumatunga mmenemo. Pa galimoto yanu ndimakonda yachiwiriyi. Pa ma Land Cruiser a zaka zimenezo thanki ili pansi pa mpando, m'kati momwe mumakhala, ndipo sindifuna paipi ya presha yaikulu idutse pamenepo. Komanso pampu yakale ikatsala pamalo pake, kubwerera ku kabuleta n'kwa maola ochepa. Kathankiko kakhale mbali ya kumanja kumene kuli distibyuta, kutali ndi ekizozi, ngakhale malo ndi ochepa chifukwa cha chiwongolero ndi mabuleki, ndipo kakhale ndi paipi yobwezera mafuta ku thanki yaikulu.

Thanki ya 1978 ili ndi dzimbiri, musachite kufunsa. Ethanol amakoka chinyezi ndiponso amasungunula litsiro lakale, lonselo n'kupita ku pampu. Itsitsidwe, itsukidwe, ngati yadyeka isinthidwe. Mafyuluta akhale awiri: ya ma micron 100 pampu isanafike, ndi ya ma micron 10 yachitsulo pakati pa pampu ndi mainjekita. Tifyuluta tapulasitiki toonekera m'kati tija timaphulika pa presha imeneyi. Ndipo tonse tikudziwa kuti mafuta akasowa pa filing'i siteshoni timagula a m'zigubu. Kabuleta ikamwa madzi kapena mchenga mumaimasula pansi pa mtengo, kupemerera jeti, n'kumapita. Injekita yotsekeka simungaipemerere ndi pakamwa. Muziyenda ndi fanulo ya sefa.

Magetsi ndi chinthu chachiwiri chimene chimagwetsa ntchito zambiri. Alternator za zaka zimenezo zinkapereka ma amps 40 kapena 50, ndipo tsopano mukuwonjezera pampu ya ma amps 5 mpaka 10, kompyuta, mainjekita ndi chotenthetsa sensa. Usiku nyali zili zoyaka, mvula ikugwa, injini ili pa idling, batire lidzayamba kutsika. Ikani ya ma amps 70 kapena kuposa, ya regulator ya m'kati. Mawaya awiri akuluakulu a kompyuta apite molunjika ku batire, osati ku bokosi la mafyuzi lakale kapena pa bawuti ya bodi. Waya wa earth wochokera ku injini kupita ku chesisi ndi ku batire ukhale watsopano, pomangapo papalidwe mpaka chitsulo chiwale. Waya wodzutsa kompyuta uyenera kukhala ndi ma volts 12 kiyi ili pa ON ndiponso pamene sitata ikuzungulira. Magalimoto akale ambiri amadula magetsi ena nthawi yoliza, ndipo ena waya wopita ku koyilo umadutsa pa ballast resistor imene imatsitsa ma volts. Mukatenga pamenepo, injini idzazungulira tsiku lonse osalira. Yezani ndi mita, osadalira mtundu wa waya, chifukwa pa zaka zonsezi adutsapo amagetsi ambiri.

Chovuta kuchipeza ndi phokoso la magetsi lochokera ku mapulagi. Kompyuta imawerenga timagetsi tochepa kwambiri, pamene koyilo imatulutsa ma volts masauzande ambiri. Mawaya a mapulagi a mkuwa weniweni m'kati amamwaza phokosoli ngati wailesi, ndipo kompyuta imasokonezeka, kuzima n'kudzukanso galimoto ikuyenda. Ikani mawaya opondereza phokoso ndi mapulagi okhala ndi resistor, ndipo mawaya a masensa asayende limodzi ndi a mapulagi. Pampu ikhale ndi relay ndi fyuzi yake, yolamulidwa ndi kompyuta kuti injini ikazima nayo izime. Onjezani inertia switch, kaswitchi kodula pampu galimoto ikagundidwa. Magalimoto ambiri a Ford ali nako, ndiye kwa ophwasula magalimoto mukapeza.

Sensa ya oxygen, imene zida zambiri zimagwiritsa ntchito ya Bosch LSU 4.9, imangidwe pa paipi ya ekizozi patangodutsa manifodi, mutu wake uli pamwamba, yopendekeka madigiri osachepera 10 kuti madzi a m'paipi asamalowemo. Kumbuyo kwake kutsale paipi yosachepera theka la mita. Pakati pa injini ndi sensayo pasakhale pena paliponse popuma. Kabowo kakang'ono pa gasiketi kamakoka mpweya wapanja, sensa n'kuganiza kuti mafuta achepa, kompyuta n'kumawonjezera mpaka mapulagi ade bii. Chowawa n'chakuti kompyuta yodzikonza yokha imasunga bodzalo, ndiye ngakhale mutatseka kabowoko muyenera kufufuta zimene inaphunzira. Apa ndi pamene manifodi yong'aluka ija imabwezera. Ndipo pomata gasiketi gwiritsani ntchito silicone yolembedwa kuti siononga sensa.

Timing musayambe nayo. Makompyuta ambiri amatha kuilamulira, ndipo phindu lalikulu la mphamvu ndi mafuta limachokeradi kumeneko, koma kusintha mafuta ndi moto tsiku limodzi n'kudzisokoneza nokha: ikakana kulira simudziwa kolowera. Chotsani mapointi muike distibyuta yamagetsi kabuleta ikadalipo, muyende nayo mpaka mutakhutira. Kenako ikani injection ya mafuta okha. Zikakhazikika, ndiye mungaganize zopereka timing kwa kompyuta.

Tsiku loliza, tsegulani kiyi kangapo osaliza, pampu idzaze mapaipi, muyang'ane polumikiza paliponse ndi tochi ndi chala. Onani manambala pa kasikirini: sensa ya presha ya mpweya iyenera kuonetsa 89 kapena 90 kPa ku Lilongwe injini isanalire, kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya kufanane ndi kwa panja, throttle ionetse 0. Chimodzi chikasiyana, konzani kaye. Ikalira n'kutentha, tcherani idling, kenako muziyenda mosiyanasiyana, m'tauni, pa M1, pachitunda mutanyamula katundu, kuti kompyuta idutse paliponse. Muyezo wa mpweya ndi mafuta, umene geji imauonetsa ngati wa petulo wosasakaniza, ukhale cha pa 13.5 mpaka 14 pa idling, 14.7 poyenda mwakachetechete, 12.5 mpaka 13 mukaponda mpaka pansi. Mawu akuti imadzikonza yokha musawamve mopitirira. Imakonza mafuta a injini yotentha imene ikuyenda. Mafuta oliza m'mawa ndi owonjezera mukaponda mwadzidzidzi mumatchera nokha, ndipo a m'mawawo mumangoyesa kamodzi pa tsiku, injini itazizira usiku wonse. Zimatenga sabata zingapo.

Za ndalama. Chida cha ku America chokha chimadutsa madola 1,000, musanawerengere pampu, mapaipi, adapita, alternator, kutumiza ndi msonkho wa ku MRA, ndipo madolawo muyenera kuwapeza kaye. Tiyerekeze kuti mutakonza kabuleta ndi distibyuta galimoto yafika makilomita 5 pa lita, injection n'kuifikitsa pa 5.5. Ngati mumayenda makilomita 10,000 pa chaka, ndiye kuti mwachoka pa malita 2,000 kufika pa 1,820, kupulumutsa 180. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero muone zaka zimene zingatenge. FJ45 ndi galimoto yolemera, yamagiya anayi, yamaonekedwe a bokosi, ndipo zimenezi kompyuta singasinthe. Amene amasimba kuti mafuta anatsika ndi theka amakhala akufanizira ndi kabuleta imene inali yodwala kale.

Walira mvula walira matope. Lero batire likafooka mumaitana anyamata kukankha, pampu ikafa mumaika chigubu padenga mafuta n'kumatsika okha, ndipo makanika aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa amaidziwa kabuleta. Mukaika injection, batire lofookeratu silidzutsa pampu ngakhale mukankhe bwanji, ndipo pa zida zimene kompyuta ili m'kati mwa throttle body, ikafa ndiye kuti chitsulo chonse chibwerere kwa ochipanga. Pamsewu wa ku Nyika zimenezi si zazing'ono. Zimene zimafa kawirikawiri ndi pampu, relay, fyuluta, sensa ya oxygen ndi sensa ya madzi, ndipo zonse pamodzi zimakwana m'kabokosi kamodzi pansi pa mpando. Gulani ziwiriziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi mita yoyezera magetsi ndi geji ya presha ya mafuta, ndipo muphunzire kuzigwiritsa ntchito nokha. Ngati zimenezi sizikukusangalatsani, khalani ndi kabuleta.

Kwa munthu amene galimoto yake imangozungulira Lilongwe Loweruka ndi Lamulungu, ndikanati Aisan yokonzedwa bwino ndi distibyuta yamagetsi n'zokwanira. Kwa inu amene mwezi umodzi muli ku Nchalo wina muli pa Nyika, injection ili ndi ntchito yeniyeni yoti igwire, malinga injini ipambane mayeso aja. Pochita ntchitoyi musadule mawaya akale kapena kuboola dashibodi, chifukwa ma Land Cruiser a 40 series, monga yanuyi, akufunidwa kwambiri kunja ndipo ogula amalipira bwino imene ingabwezeredwe mmene inalili. Kabuleta, tizitsulo take tokokera ndi chivindikiro cha fyuluta ya mpweya muzitsuke, muzisunge pouma, ndipo pa ulendo wa kumpoto kabuletayo muziitenga pamodzi ndi gasiketi yake. A inshuwalansi muwauze mwa kalata kuti mwasintha njira ya mafuta, kuti moto utabuka asadzapeze pokanira.